Belu Likapanda Kulira

Pa sukulu zambiri za m'midzi yozungulira Madisi, chomwe timachitcha belu si belu lenileni ayi. Ndi chitsulo cha gudumu la lole chimene adachipachika pa nthambi ya mtengo wa kesha kapena wa mango, ndipo mwana amene ahedi amamudalira ndiye amachimenya m'mawa uliwonse. Kulira kwake kumafika kutali, kumadimba ndi kuzigafa komwe, kotero kuti ngakhale nkhalamba yomwe sidapondeko m'kalasi imadziwa nthawi pomva chitsulocho. N'chifukwa chake m'mawa wina kumayambiriro kwa Juni mu 2017, chitsulo chija chitangoti zii, midzi idadziwa nkhani isadamve n'komwe pa wailesi. Aphunzitsi adali atanyanyala ntchito.

Chidatsitsa dzaye chidali ndalama za tchuthi, zomwe wogwira ntchito m'boma amayenera kulandira kamodzi pa chaka. Masiku amenewo chaka cha boma chinkatha pa 30 Juni, ndipo aphunzitsi a m'mapulaimale adaona mwezi womalizawo ukulowa m'manja muli mbee. Bungwe lawo la Teachers Union of Malawi, lomwe ambiri amangoti TUM, lidalamula kuti choko chiikidwe pansi m'dziko lonse. Pa msika wa Madisi, pomwe nyengo imeneyo ndalama za fodya zimakhala zikuyenda, anthu ambiri adapukusa mitu. Ankafunsana ngati kandalama kobwera kamodzi pa chaka n'koyenera kutsekera ana sukulu. Funsolo silidali lopusa. Koma yemwe akufuna kuliyankha mwachilungamo ayenera kubwerera m'mbuyo zaka zoposa 100, ndipo sayenera kupita kutali, pakuti mbiri yake idayambira m'mapiri a Dowa omwewa.

Mu 1889 Andrew Charles Murray ndi T. C. B. Vlok, amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa, adakhazikika pa Mvera m'dziko la Mfumu Chiwere. Mu 1894 Robert Blake adatsegula mishoni ina pa Kongwe, ndipo mu 1896 anzawo adatsegula Nkhoma. Kuchokera m'malo amenewa sukulu za m'midzi zidafalikira ngati moto wa lupsa mpaka kukwana mazanamazana. Amene ankaziyendetsa tsiku ndi tsiku sadali Azungu. Adali anyamata a konkuno, ophunzitsidwa pang'ono pa mishoni n'kutumizidwa kumudzi ndi masileti ndi buku la nyimbo. Mphunzitsi woteroyo adalinso mlaliki. Mkati mwa sabata ankaphunzitsa a, e, i, o, u, Lamulungu ankatsogolera mapemphero m'kanyumba komweko ka udzu, ndipo pakati pake ankalimbana ndi akuluakulu a kudambwe pokanganirana ana.

Apa ndi pomwe padagona muzu wa nkhani yathu. Bwana wa mphunzitsi adalinso mbusa wake. Yemwe ankamuwerengera mashereni ochepa aja ndi yemweyo ankatha kumudula mu mpingo akamva kuti walawa mowa kapena watenga mitala. Ntchitoyo inkatchedwa maitanidwe, ndipo munthu woitanidwa ndi Mulungu safunsa kuti andilipira zingati. Kudandaula za malipiro kunkaoneka ngati kuchepa chikhulupiriro. Mawu aja oti mphotho ya mphunzitsi ili kumwamba, omwe lero timawanena moseka, pachiyambi sadali nthabwala, adali chiphunzitso. Ulemu wokha mphunzitsi adali nawo wochuluka. Ndiye ankavala nsapato m'mudzi, ndiye ankawerengera anthu makalata ochokera ku Joni ndi ku Salisbury, ndiye ankakhala pafupi ndi anyakwawa pabwalo. Ndipo tisaiwale kuti zolemba zathu zidachokera m'gulu lomweli. Samuel Josia Ntara, yemwe adatipatsa Nthondo mu 1933 ndi Mbiri ya Achewa pambuyo pake, adali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma.

Boma la Atsamunda lidachedwa kulowerera. Mu 1907 lidayamba kupereka mapaundi 1,000 pa chaka kuti mishoni zonse za m'Nyasaland zigawane, ndipo dipatimenti yoona za maphunziro idakhazikitsidwa mu 1926 mokha. Zaka zomwezo fodya wa chikopa adalowa ku Dowa ndi ku Lilongwe, ndipo mlimi wolimbikira ankatha kubwera kumsika ndi ndalama zomwe mphunzitsi sakadaziona pamodzi. Chinanso chofunika kuchisunga m'mutu ndi ichi. Amishoni a Dutch Reformed ankaika mtima pa kuwerenga m'chinenero chathu, ulimi ndi ntchito zamanja, osati pa Chingerezi ndi maphunziro apamwamba. Kumpoto, sukulu ya Robert Laws ku Khondowe, yomwe idatsegulidwa mu 1894, idatsata njira ina, ndipo idatulutsa aphunzitsi ndi makalaliki ambiri omwe adabalalika dziko lonse. Kusiyana kumeneku kudzatipeza kutsogoloku.

Sizodabwitsa tsono kuti amene adayamba kuyankhula pagulu za madandaulo a anthu akuda ambiri adali aphunzitsi. Adali m'bungwe la North Nyasa Native Association mu 1912, adalinso mu Nyasaland African Congress pomwe inkabadwa mu 1944, mtsogoleri wake woyamba ali Levi Mumba. M'zaka zomwezo za m'ma 1940 aphunzitsi adakhala ndi bungwe lawolawo, lomwe ndilo kholo la TUM. Chida chawo chidali kalata yaulemu yopita kwa bwana wa zamaphunziro ku Zomba. Ankakhulupirira kuti dziko likadzadzilamula zonse zidzakonzeka, popeza olamulawo adzakhala ana awo omwe adawaphunzitsa okha.

Ufulu udabwera pa 6 Julaye 1964, ndipo pasadathe miyezi itatu nkhani ya malipiro idagwedeza boma. Pa zifukwa zomwe nduna zidayambanirana ndi Dr. Hastings Kamuzu Banda padali lipoti la Skinner, lomwe ogwira ntchito m'boma achikuda adaliona kuti likuwapondereza pa malipiro poyerekeza ndi Azungu omwe adatsala m'maofesi. Padalinso tiki yolipira kuchipatala. Kanyama Chiume, yemwe adakhalapo mphunzitsi, adachotsedwa. Masauko Chipembere, nduna ya zamaphunziro, adatula pansi udindo. Kumapeto kwa Seputembala ogwira ntchito m'boma ku Zomba adanyanyala pogwirizana ndi ndunazo. Kamuzu adapambana, ndipo sadaiwale. Pofika 1965 mabungwe a apantchito adali atalowetsedwa m'khwapa mwa Malawi Congress Party, ndipo atsogoleri awo ouma mutu adachotsedwa kapena kuthawa. Anthu a ku Dowa sankafunika wina wowafotokozera zomwe zimagwera wotsutsa. Ndende ya Dzaleka idali m'boma lawo lomwe, ndipo dzina lokhalo linkanena zonse.

Kuyambira pamenepo mawu oti sitalaka adasowa m'kamwa mwa mphunzitsi kwa zaka pafupifupi 30. Bungwe lidatsala, koma lidasanduka la misonkhano yaulemu yopanda mano. Ndiyenera kunena chilungamo pano, chifukwa aphunzitsi opuma omwe timakhala nawo m'midzi sakonda kuti mbali iyi izibisidwa. Iwo amakumbukira malipiro ofika pa tsiku lake, nyumba ya pa sukulu, ndi ndalama yomwe inkagula njinga munthu ukasunga miyezi ingapo. Amakumbukira kuti mphunzitsi wa T2 ankati akalowa m'sitolo anthu ankamupatsa njira. Zimenezi si bodza. Koma akapitiriza kucheza amakumbukiranso zina: kufoletsa ana m'mbali mwa msewu padzuwa kudikira kuti Ngwazi idutse, kuonetsa khadi la chipani, kusamala liwu lililonse m'kalasi poopa kuti mwana akalibwereza kwa atcheyamani. Mphunzitsi ankadya, koma ankadya ali chete.

Mu 1981, kutsidya kwa Bua ku Mtunthama, kudatsegulidwa Kamuzu Academy, sukulu ya Chilatini ndi Chigiriki. Aphunzitsi ake adachokera kunja, makamaka ku Britain, chifukwa mwini wake adaona kuti palibe Mmalawi woyenera kuphunzitsa pamenepo. Mphunzitsi wa pa Madisi, yemwe ankakonzekeretsa ana mayeso oti mwina mmodzi akalowe pa chipata chimenecho, adamva uthengawo bwinobwino. Adaumeza.

Chachikulu chidachitika mu 1989. Boma lidalamula kuti mphunzitsi aliyense akaphunzitse m'chigawo cha kwawo. Chifukwa chomwe chidaperekedwa chidali choti aphunzitsi a kumpoto ankaphunzitsa dala mwaulesi ana a pakati ndi kumwera kuti ana a kwawo azipambana okha. Umboni wake palibe adauona. Chomwe chidali choona ndi chija tanena kale, kuti chifukwa cha mbiri ya mishoni aphunzitsi a kumpoto adali ochuluka m'sukulu za dziko lonse, makamaka m'masekondale ndi pa masamu ndi sayansi. Ine ndidali mwana wa sukulu chaka chimenecho. Ndimakumbukira lole itaima pa nyumba ya aphunzitsi athu a masamu, mipando ndi matumba a chimanga zili pamwamba, nkhuku zitamangidwa miyendo, ana awo omwe ankayankhula Chichewa ngati ife tomwe akutiyang'ana osadziwa chonena. Adali atakhala nafe zaka zambiri. Adali ndi munda, adali ndi manda a mwana wawo kuno. Sabata yotsatira mnyamata wamkulu wa m'kalasi mwathu ndiye ankatikopera masamu pa bolodi kuchokera m'kope lakale. Mabanja okwatirana zigawo adagawanika, sukulu za pakati zidatsala ndi mipata yomwe idatenga zaka kuti itsekeke, pomwe kumpoto aphunzitsi adaunjikana. Ngati pali tsiku lomwe aphunzitsi a dziko lino adafunika bungwe lowayankhulira, ndi limeneli. Palibe bungwe lidatsutsa poyera, ndipo sindikuwaweruza: wotsutsayo akadagona kuti usiku umenewo?

Pakamwa padatseguka mu 1992. Pa 8 Malichi m'matchalitchi a Katolika mudawerengedwa kalata ya mabishopu, yomwe mwa zina idatchula kudzaza kwa makalasi, kuchepa kwa aphunzitsi ndi malipiro osakwanira a apantchito. Pa 6 Epulo Chakufwa Chihana, munthu wa mabungwe a apantchito, adamangidwa atangotsika ndege. Mu Meyi ogwira ntchito pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre adanyanyala, moto udafalikira, ndipo anthu pafupifupi 40 adafa pa zipolowe zotsatira. Mu 1993, chaka cha referendamu, ogwira ntchito m'boma nawonso adanyanyala. M'nyengo imeneyi ndi momwe bungwe la aphunzitsi lidavula chikopa chakale n'kukhala bungwe lenileni lomenyera ufulu wa apantchito. Malamulo atsopano a dziko, pa ndime 31, adavomereza ufulu wolowa m'bungwe ndi wonyanyala ntchito, ndipo lamulo la Labour Relations Act la 1996 lidaika ndondomeko yake.

Koma taonani momwe zinthu zidakumanirana. Chaka chomwe mphunzitsi adapeza mawu ndi chomwenso ntchito yake idatsika mtengo. Boma la Bakili Muluzi lidachotsa fizi ya ku pulaimale mu 1994, ndipo ana adachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chidali chinthu chabwino; ambiri mwa owerenga nkhani ino adalowa sukulu pa khomo limenelo. Kuti anawo apeze woima patsogolo pawo, boma lidalemba aphunzitsi pafupifupi 20,000, ambiri osaphunzira ntchitoyo, n'kuwapatsa maphunziro a milungu iwiri kapena itatu basi. Ndondomeko yowaphunzitsa ali pa ntchito, ya MIITEP, idayamba mu 1997. M'midzi ya kwa Chakhaza ndi kwa Kayembe, monga kwina konse, makalasi adasamukira pansi pa mitengo, ndipo mnyamata yemwe dzana ankapalasa nawo fodya adadzuka ali aphunzitsi. Ambiri a iwo adadzakhala aphunzitsi abwino ndithu. Koma m'maso mwa mudzi ntchitoyo idasanduka yoti aliyense angathe kuigwira, ndipo chinthu choti aliyense angathe palibe amafuna kuchilipira bwino.

Ndalama nayo idachita zake. Kwacha idamasulidwa mu Febuluwale 1994, ndipo kuchoka pa makwacha 4 ndi pang'ono pa dola imodzi idafika pa makwacha 15 chaka chisadathe. Mu Ogasiti 1998 idagwanso kwambiri. Komiti yotsogozedwa ndi Jaji Chatsika idafufuza za umoyo wa ogwira ntchito m'boma, ndipo lipoti lake la 1995 lidati malipiro akwezedwe kwambiri. Boma lidati ndalama palibe, ndipo a IMF ndi World Bank, omwe ankaligwira dzanja, sankafuna kumva za kukula kwa thumba la malipiro. Mu Epulo 1997 ogwira ntchito m'boma adanyanyala milungu ingapo pofuna kuti za Chatsika zichitike. Adabwerera ku ntchito ndi gawo chabe la zomwe ankafuna. Dzina la Chatsika lidatsala m'kamwa mwa aphunzitsi a nthawi imeneyo ngati dzina la lonjezo losakwaniritsidwa, ndipo adaphunzira zomwe mlimi wa fodya adadziwa kale, kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Posakhalitsa, mu 2000, dziko lidamva kuti mu unduna wa zamaphunziro womwewo ndalama zokwana K187 miliyoni zidapita kwa makontirakitala a sukulu zomwe zina sizidamangidwe n'komwe. Kuyambira apo, mawu oti boma lilibe ndalama adayamba kumveka mwina m'makutu mwa mphunzitsi.

Mbiri ya masitalaka imalembedwa m'manyuzipepala, koma pali kunyanyala kwina komwe sikulengezedwa. Taganizirani mphunzitsi wa PT4 pa sukulu ya kuseri kwa mapiri a Ntchisi kapena kumadzulo kwa Madisi cha ku Bua. Kale malipiro ankabwera pamanja. Boma litayamba kulipira kudzera ku banki, zomwe zidathandiza kuchepetsa kuba, iye adayenera kukwera kabaza mpaka pamsewu, n'kukwera minibasi kupita ku Mponela kapena ku Kasungu. Akafika n'kupeza ndalama sizidalowe, amasankha pakati pa kugona pakhonde la mnzake ndi kubwerera chimanjamanja kuti adzalipirenso ulendo wina. Masiku awiri a kalasi apita. Ndalamayo ikalowa imakhala ili ndi eni ake kale: akatapila, kampani ya ngongole yodula ku malipiro, mwini golosale. Ndiye amalima fodya, amagulitsa mandasi ndi mafiriziesi pa bureki, amaphunzitsa ana a olemera madzulo. Pa njala ya 2002, yomwe idakantha Dowa ndi Kasungu koopsa, aphunzitsi adaima pa mizere ya ADMARC limodzi ndi makolo a ana awo, ndipo makalasi adali pululu chifukwa mwana wanjala sayenda. Boma lidadzayambitsa alawansi ya akumudzi, K5,000 pa mwezi poyamba, koma nayonso idasanduka gwero la madandaulo, ena akuiphonya, ena ikuwapeza patatha miyezi. Ndipo pali aphunzitsi omwe adalowa pa PT4, n'kukhala pomwepo zaka 15 kapena kupitirira, mwana yemwe adamuphunzitsa ndi kubwera kudzawapeza pa giredi yomweyo.

Mu Meyi 2012 boma la Joyce Banda lidatsitsa kwacha kuchoka pa K167 kufika pa K250 pa dola, ndipo mitengo idauluka. Mu Febuluwale 2013 ogwira ntchito m'boma, aphunzitsi ali momwemo, adanyanyala pafupifupi milungu iwiri. Bwalo la ndege la Kamuzu lidatsekedwa, ndipo ana a m'mapulaimale adaguba m'misewu ya Blantyre ndi Lilongwe atavala yunifolomu. Boma lidagonja, n'kukweza malipiro a otsikitsitsa ndi 61 peresenti. Iyi ndi imodzi mwa nthawi zochepa zomwe sitalaka idabala zooneka. Miyezi 7 yokha itadutsa, kuwomberedwa kwa Paul Mphwiyo kudavundukula Cashgate, ndipo zidadziwika kuti nthawi yomwe boma linkalira umphawi mabiliyoni ankatuluka ku Capital Hill m'mabuti a galimoto.

Tabwereranso ku Juni 2017. Nthawi imeneyo malipiro a aphunzitsi a m'mapulaimale adali atangosamutsidwira m'manja mwa makhonsolo, ndipo ndalama za tchuthi zidasochera pakati pa maofesi, aliyense akuloza mnzake. Sitalaka idatenga pafupifupi milungu iwiri. M'madera angapo ana adatseka misewu ndi miyala ndi nthambi, apolisi adathira utsi wokhetsa misozi, ndipo apo ndi pomwe ndalama zidayamba kupezeka. Funso la pa msika lija tsopano lili ndi yankho lake. Aphunzitsi sankapempha chinthu chatsopano. Ankafuna chawo chomwe, cholembedwa kale m'malamulo a ntchito yawo, ndipo zaka zidawaphunzitsa kuti kalata yaulemu imakathera m'kabati. Koma pali china chowawa chomwe 2013 ndi 2017 zidaonetsa, chomwe bungwe silikonda kuchitchula. Kuika choko pansi pakokha sikuopsa akuluakulu, chifukwa ana awo ali m'sukulu zolipira momwe belu limalira masiku onse. Chimawaopsa ndi ana a anthu wamba akalowa pa msewu wa M1. Mphamvu ya sitalaka ya aphunzitsi yakhala ikudalira mwana wa zaka 10 woima patsogolo pa galimoto ya apolisi, ndipo mwanayo ndi yemwenso amataya maphunziro.

Sitalaka ya 2021 idasiyana ndi zonsezi. Sukulu zidatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, zidatsegulidwa kumapeto kwa chaka, n'kutsekedwanso mu Januwale 2021. Pa 22 Febuluwale, tsiku loti zitsegulidwe, aphunzitsi adakana kulowa m'kalasi pofuna ndalama za ukadziotche, K35,000 pa mwezi, poti azaumoyo ankalandira zawo. Boma la Lazarus Chakwera lidati ntchito ya uphunzitsi siili m'gulu la ntchito zoika moyo pachiswe kwambiri. Mphunzitsi wa Sitandade 1, woyang'anizana ndi ana oposa 100 okhala pansi mothithikana m'chipinda chimodzi, adaseka chabe. Adagwirizana mu Malichi, sukulu zidatsegulidwa, mgwirizanowo sudakwaniritsidwe, ndipo mu Epulo choko chidagwanso pansi. Ulendo uno boma lidathamangira ku khoti la Industrial Relations n'kukatenga chiletso. Aphunzitsi adabwerera m'kalasi opanda alawansi ija. Mwezi womwewo lipoti la kafukufuku lidaonetsa momwe K6.2 biliyoni ya Covid-19 idasakazidwira, yambiri pa maalawansi a misonkhano, ndipo nduna ya zantchito Ken Kandodo idachotsedwa pa nkhani yomweyo. Ana ambiri, makamaka atsikana, omwe adali atakhala kale pakhomo miyezi yambiri, sadabwererenso. M'midzi ya fodya kusowa kwa sukulu kumathera kuchigafa kapena kubanja.

Chaka chisadathe, Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la 1996 lija. Kusinthako kudapatsa olemba ntchito mphamvu yodula malipiro a wonyanyala akapitirira masiku atatu pa chaka. Mabungwe a apantchito adadandaula, koma lamulo lidasainidwa. Kwa munthu yemwe malipiro ake amatha asadafike m'manja, masiku atatu ndi mpanda wautali. Kenaka kwacha idatsitsidwanso ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kumeza zokweza zonse zomwe zidapezeka m'zaka zapakatizo.

Nanga bungwe lenilenilo tiliyese bwanji? Popanda ilo, ngongole zambiri zomwe boma linkasunga sizikadalipidwa, ndipo amene adaona 1989 sangafune kubwerera ku masiku opanda wowayankhulira. Komabe ndikayang'ana mndandanda wa masitalaka kuyambira 1997, ndimaona kuti pafupifupi onse ndi olondola ngongole: malipiro ochedwa, ndalama za tchuthi, zotsalira za okwezedwa, alawansi. Bungwe lakhala ngati munthu wothamangitsa mbuzi yomwe yadula chingwe, osapeza mpata womanga khola. Sindikumbuka tsiku lomwe sukulu zidatsekedwa dziko lonse chifukwa choti mphunzitsi mmodzi ali ndi ana 120 pomwe boma lenilenilo lidadziikira malire a 60, kapena chifukwa choti ana 8 akulimbirana buku limodzi. Sitalaka yotero makolo a pa msika wa Madisi akadaimva ngati yawo. M'malo mwake amaona mkangano wa anthu awiri olandira pa mwezi, iwo ali olipira. Mphunzitsi wa kumudzi naye amadandaula kuti amadulidwa ndalama ya bungwe mwezi ndi mwezi, koma atsogoleri amawamvera pa wailesi, tsiku lolengeza sitalaka ndi tsiku loithetsa.

Palinso gulu lina lomwe lakula m'zaka zaposachedwa, lomwe mbiri ya mabungwe sidalilembe. Ndi achinyamata omwe adamaliza maphunziro a uphunzitsi a IPTE m'makoleji monga la Kasungu ndi la Lilongwe, n'kukhala pakhomo zaka ziwiri, zitatu, kudikira kuti boma liwalembe, pomwe sukulu ya m'mudzi mwawo momwe ikusowa aphunzitsi. Ena adatengedwa ngati aphunzitsi othandizira pa kontirakiti ya miyezi yowerengeka. Ena amangodzipereka, n'kumalandira kangachepe komwe komiti ya sukulu yatolera kwa makolo, nthawi zina ndowa ya chimanga. Mtsikana woteroyo amalemba masikimu, amachonga makope 100 usiku ndi tochi ya foni, ndipo ana amamuimirira akalowa m'kalasi monga amachitira ndi aphunzitsi ena onse. Dzina lake silili pa mndandanda wa malipiro ku khonsolo ya Dowa, choncho za tchuthi alibe, ndipo TUM ilibe pomudulira. Anzake akanyanyala, iye sadziwa ngati alowe m'kalasi kapena akhale nawo pansi pa mtengo.